Zakalia Anafa Ali ndi Matope Kumaso

Zemba,
Chadiza.
20 Okutobala 2024

Okondedwa alongo anga a Evance,

Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupezani mukupezako bwino ku Solwezi kumeneko, ndi kuti mwendo uja anauika m'chikhakha wayamba kulola kuponda pansi. Kuno tilipo, koma kukhalapo kwake n'kwa anthu ongochokera kumanda. Dzuwa lakwiya, zitsime zaphwa, ndipo amayi akudya ngati mbalame. Palibe amene akukudandaulani kuti simunafike pa maliro. Tonse tikudziwa kuti munthu sangakwere basi ulendo wonsewo ndi mwendo wothyoka.

Musadabwe kuti ndalemba kalata ngati masiku akale pamene foni ilipo. Foni ya pakhomo pano ndi ya alamu anu a Jonasi, ndipo mukaimba iwo amakhala ali chapafupi. Mwandifunsa kangapo kuti, "Mailesi, Zakalia anamupha ndani?" Ine n'kumayankha kuti linali gulu. Yankho limenelo si bodza, koma si lonse. Inu ndinu mwini mbumba, muyenera kumva zonse. Ndiyamba patali, chifukwa munachoka kuno za seweroli zisanayambe, ndipo kwanuko kanema wa ku Chipata safika.

Mng'ono wanuyo mukumudziwa. Kuyambira ali mwana sankatha kunena chinthu osachipinda kaye kuti anthu aseke. Ngakhale pa maliro a bambo anatsanzira katsokomolidwe ka abusa, amayi n'kuseka misozi ili m'masaya. Ndiye chaka chatha kunabwera mnyamata wa pa Boma, dzina lake Trywell, ali ndi kamera ndi anzake. Ankafuna anthu oti apange nawo sewero loonetsa pa kanema, lonena za akuba ng'ombe. Analitcha Khola Lopanda Mwini. Anamupeza Zakalia pamsika akugulitsa mbatata, uku akutsanzira mayendedwe a aliyense wodutsa osagula, ndipo anamutenga tsiku lomwelo.

Anamupatsa mbali ya Kamatope, wantchito wopepera wa munthu wolemera. Ankavala thumba la feteleza loboola pamutu, jombo imodzi yokha, kumaso atadzola matope oyera a kudambo. Ntchito yake inali kuyenda pambuyo pa abwana ake n'kumayankhula zimene palibe wofuna kumva, abwanawo n'kumam'menya khofi, anthu n'kumaseka. Lamlungu lililonse masana tinkadzaza pasitolo ija ili ndi kanema wa sola. Anthu ankapalasa njinga kuchokera ku Pembamoyo kudzangoona Kamatope. Ndikuuzeni zoona, ndinkanyada. Amayi ankavala chitenje chatsopano popita kukaona mwana wawo m'galasi.

Mbali ya wakuba anapatsa Mphatso, mwana wa a Lefina, aja anafika kuno akuthawa nkhondo ya ku Mozambique atam'bereka kumbuyo. Munkamenya naye mpira pasukulu. Munthu wofatsa ngati iye kuno kulibe. Amalima mtedza wake, amaimba kwaya, basi. Koma ndi wamtali, ali ndi chipsera cha nyanga ya ng'ombe patsaya, ndipo amadziwa mawu angapo a Chipwitikizi. Trywell anati nkhope imeneyo ndi yabwino pa kanema. M'seweromo dzina lake linali Gwaza, ndipo sabata ndi sabata tinkamuona akutulutsa ng'ombe za anthu m'khola n'kuziwolotsa malire. Ankaichita bwino mbali yakeyo, moti amayi ena ankalavula malovu akangotulukira m'galasi.

Sipanapite nthawi, ana anayamba kumutsata m'njira akukuwa kuti, "Gwaza! Gwaza!" Tsiku lina anam'gema ndi mwala pamsana akuchokera kuchigayo. Iye ankangoseka, amati ndiye kuti sewero likukoma. Amene sanaseke ndi Zakalia.

Anyamata a sewero ankasunga katundu wawo pakhomo pathu, choncho ndinamva ndi makutu anga. Zakalia anamuimitsa Trywell pansi pa mtengo wa mango nati, "Achimwene, mbali ya wakubayi ipatseni munthu wina. Ndipatseni ine, kapena mwana wa kuno amene ali ndi amalume ambiri. Anthu athuwa sasiyanitsa galasi ndi zenera. Mukuwaphunzitsa nkhope ya wakuba, ndipo nkhopeyo ilibe woikhalira kumbuyo."

Trywell anaseka mpaka kugwira bondo. Anati, "Amenewo ndiwo mawu, Kamatope! Ukawanenenso mawa kamera ikuyenda."

"Sindikuchita sewero."

"Iwe ntchito yako ndi kuseketsa. Zoganiza undisiyire ine."

Ndiye anayamba kuzinenera m'sewero momwemo, poti ndi mokhamo mmene ankaloledwa kutsegula pakamwa. Gawo lina Kamatope anagwira nkhuku, n'kuiimika pampando, n'kuyamba kuizenga mlandu. Anati, "Iwe nkhuku, agogo ako anachokera kutsidya kwa malire, choncho ng'ombe ya abwana wameza ndiwe." Nkhuku ija inalira, iye nati, "Mwamva? Yavomera m'Chipwitikizi." Pasitolo paja anthu anagubuduka pansi ndi phwete. Kenaka anatembenuka n'kuyang'ana ife oonerafe m'maso, nati, "Inu mukuseka kumeneko, sekani msanga. Nkhuku zikatha mudzayamba anthu." Apo ndiye anthu anasekeratu. Mawuwo anasanduka nthabwala ya pamjigo ndi pamowa. Munthu akabwereka mchere kawirikawiri amamuuza kuti nkhuku zikatha udzayamba anthu. Alamu anu ndiwo ankawakonda kwambiri mawu amenewa, ankamuitana Zakalia kuti adzawabwerezere iwo akudya.

Tsiku lake linali Lachisanu. Kutacha alamu anu anapita kukhola n'kupeza mitengo ya pakhomo itazulidwa, ng'ombe zathu zapagoli zija, Bantomu ndi Kaputeni, kulibe. Makola enanso a m'mudzi muno anali atathyoledwa. Mukudziwa mmene chilala chatichitira chaka chino. Chimanga sitinakolole, ndipo ng'ombe zimenezo ndizo zinali nkhokwe yathu, ndizo zinali khasu lathu. Alamu anu anagwada m'ndowe n'kulira mokweza ngati mwana. Sindinawaonepo akulira chotero. Kenaka anadzuka, n'kutenga mpini wa nkhwangwa, n'kupita ndi amuna anzawo kukalondola mapazi.

Mapaziwo anakasowera pamiyala kumtsinje. Chimene anatola ndi belu la Bantomu, litatayidwa patchire, m'kati mwake atathithikiramo masamba kuti lisalire. Alongo, umo ndi mmene Gwaza anachitira m'sewero masabata apitawo, mudzi wonse ukuonera. Mbiri ya belulo inafika m'mudzi amunawo asanabwere. Nditaimva ndinathamangira ku shedi ya thonje kumene anyamata ankajambula tsiku limenelo.

Ndinampeza Zakalia atavala kale thumba lake, matope ali mbuu kumaso. Nditamuuza za belu, anataya ndodo imene anagwira n'kupita kwa Mphatso.

"Vula jasilo, kwera njinga, pita ku Zingalume kwa abale ako. Tsopano lino."

Mphatso anati, "Ndithawe chiyani? Ndikathawa ndiye adzati ndaba."

"Anene uli moyo."

Trywell analowererapo kuti dzuwa likupita, amalize kaye gawo limenelo. Anati palibe munthu wamisala yoti n'kumenya munthu chifukwa cha sewero. Zakalia anagwira njinga yekha n'kuikankhira pamiyendo pa Mphatso, akumuchonderera, koma anthu amene anabwera kudzaonera kujambula anayamba kuseka, poti ankaona Kamatope akulimbana ndi Gwaza. Mphatso nayenso anaseka, n'kumusisita pamutu. Anapitiriza ntchito, iye atavala jasi lalitali la Gwaza, chingwe chili m'manja.

Tinamva nyimbo kaye, kenaka tinaona fumbi. Anali amuna ambiri, ena a m'mudzi muno, ena a midzi yoyandikana, atanyamula mipini, zikwanje ndi matcheni a njinga. Ena anali atadutsira pa kachasu. Kutsogolo mnyamata wina ankaliza belu lija, atachotsamo masamba. Amayi ena amene anaima pafupi nane anaomba m'manja, akuyesa kuti ndi mbali ya sewero. Trywell naye anatembenuza kamera n'kumawajambula, mpaka wina anaimenya ndi mpini, n'kugwa zidutswazidutswa. Trywell anakuwa, wina anam'menya chibakera pakamwa, mano n'kugwera m'fumbi. Apo m'pamene tonse tinadziwa.

Sanamufunse kanthu Mphatso. Anamukola miyendo ndi chingwe chomwe anagwiracho n'kumugwetsa chafufumimba. Tcheni loyamba linam'ng'amba jasi ndi msana womwe. Anayesa kudzuka, akutchula anthu maina, "A Phiri, ndine! Tinaimba limodzi Lamlungu!" Anam'ponda pakamwa ndi jombo. Anatchinga mutu ndi mikono, ndipo ndinamva mkono ukuthyoka ngati nkhuni youma. Wina anakuwa kuti, "Ng'ombe wazisiya kuti, Gwaza?" Palibe ndi mmodzi yemwe amene anamutchula dzina lake lenileni. Anam'kokera pakati pa msewu. Mnyamata wina anabweretsa tayala, wina anayamba kupopa petulo m'njinga yamoto ndi kapaipi, akuthira m'botolo.

Pamenepo Zakalia analowa pakati pawo. Analowa akuvina, alongo, ndi jombo yake imodzi, akutsimphina monga amachitira pa kanema. Analanda tayala lija m'manja mwa mnyamatayo n'kudzikoleka yekha m'khosi ngati mkanda.

"Mwalakwitsa wakuba, mabwana! Ng'ombe ndameza ndine. Dzulo ndinagona ndi njala, ndiye ndinati ndingolawa mchira, mpaka ndinafika kunyanga. Tamverani!"

Anagwira mimba n'kulira ngati ng'ombe, kulira kwenikweni kwa Bantomu. Anthu anaseka. Ndikulumbira, amuna aja magazi ali m'manja anaseka. Mipini inatsika. Wa botolo uja anaima. Zakalia anapitiriza, akuyenda mozungulira Mphatso, akuwakankhira anthu kumbuyo pang'onopang'ono ndi matako, akupempha kuti wina am'patse mchere wa m'mimba kuti abweze ng'ombe za eni. Ine ndinayamba kupuma. Ndinati zatha.

Koma ataona kuti akumumvera, anasiya kuvina. Anavula tayala n'kuliponya kutali. Anayankhula ndi mawu ake enieni, aja amayankhulira kunyumba.

"Tsopano ndimvereni. Munthu uyu sanabe. Belu lija tinalionetsa kwa anthu onse, kuyambira kuno mpaka ku Chipata. Wakuba aliyense ali ndi maso anaphunzira. Mukamupha uyu, ng'ombe zanu zidzapezeka kwina, ndipo simudzakhala ndi chomudzutsira. Tiyeni naye kupolisi ngati mukukayika. Ine ndiyenda naye."

Anasekanso. Mawu anali a Zakalia koma nkhope inali ya Kamatope, ndipo iwo ankaona nkhopeyo. Wina anakuwa chakumbuyo kuti, "Nkhuku zatha!" Gulu lonse linayankha, "Tiyambe anthu!" Mwala unauluka n'kum'menya Mphatso padiso. Wina unam'peza Zakalia pachifuwa. Anthu anakhamukira kutsogolo nthawi imodzi, ndipo mng'ono wanu anadzigwetsa pamwamba pa Mphatso, n'kumukumbatira mutu.

Anam'koka miyendo, sanasiye. Anam'kwapula ndi tcheni mpaka thumba lija linang'ambika, sanasiye. Ine ndinayesa kulowa, ndikukuwa kuti ndi mlongo wanga, wina anandigunda ndi chigongono ndinagwa. Ndili pansi pomwepo ndinaona pakati pa miyendo ya anthu. Zakalia anadzutsa mutu, magazi akutuluka m'mphuno, n'kuyang'ana munthu wina amene anaima pamwamba pake atakweza mpini ndi manja awiri. Anati, "Alamu, ikani pansi."

Alongo, ndazungulira mokwanira. Munthuyo anali a Jonasi, amuna anga, bambo a Keziya. Anamva mawuwo, chifukwa anaima kaye. Ndinawaona ataima. Kenaka mpini unatsika. Unam'peza Zakalia pamwamba pa khutu, ndipo kulira kwake sindidzakuiwala, kunali ngati dzungu lagwa kuchokera pankhokwe. Mng'ono wanu anafooka, manja ake n'kumasuka.

Ataona mmene magazi ankatulukira, anthu anabwerera m'mbuyo. Botolo la petulo linagwa pansi osayatsidwa. Ena anathawa, ena amene mkwiyo unali usanathe anathamangira kunyumba kwa Mphatso. Anatulutsa a Lefina mowakoka tsitsi, mkazi wa Mphatso ndi ana n'kuthawira m'dambo, ndipo anayatsa nyumba, khitchini ndi nkhokwe ya mtedza. Utsi unkaoneka tili ku shedi. Alamu anu anaima kanthawi akuyang'ana mpini wawo, kenaka anautaya m'ngalande n'kuchoka, osayang'ana kumene ndinali.

Tinatsala akazi okhaokha ndi Trywell, pakamwa pake pali magazi. Tinabwereka ngolo n'kuwagoneka onse awiri pa zitenje. Mphatso ankabuula. Zakalia anali chete, mutu wake uli pamiyendo panga. Msewu wa kukiliniki mukuudziwa mabampu ake. Titadutsa pasukulu anatsegula maso. Sanadandaule, sanatchule munthu. Anangoti, "Alongo, ndipukuteni kumaso, amayi angandisowe." Madzi tinalibe. Ndinanyowetsa nsonga ya chitenje ndi malovu n'kuyamba kupukuta, koma matope anali atasakanikirana ndi magazi n'kuuma. Ndinali nditangoyeretsa tsaya limodzi pamene ndinaona kuti sakupumanso. Tinafika naye kukiliniki ali choncho, theka Zakalia, theka Kamatope.

Mphatso ali moyo. Anamutumiza ku chipatala chachikulu, mikono yonse iwiri yothyoka, diso limodzi linaphulika. Banja lake lili kwa abale ku Zingalume. A Lefina akuti nyumba yawo yoyamba inapsa ndi asilikali, yachiwiri yapsa ndi anthu amene ankawabwereka lichero.

Apolisi anabwera n'kutenga anyamata angapo, kuphatikizapo wa belu ndi wa petulo. Atafunsa amene anakantha Zakalia, mudzi wonse unasanduka osaona. Aliyense akuti anali kumbuyo. Trywell akuti nthawi imeneyo anali chigonere pansi, ndipo kamera yake inaphwanyika zisanachitike. Apolisiwo anandifunsa inenso, alamu anu ataima pakhomo, ndipo ndinati ndinagwa, ndinangoona miyendo. Pa maliro alamu anu anali m'gulu la onyamula bokosi. Anatema nkhuni, anatunga madzi, anagwira ntchito kuposa mkamwini aliyense. Amayi anawagwira dzanja n'kuwathokoza pamaso pa anthu, akuti, "Mwana wanga wapita, koma Mulungu wandisiyira inu." Mpaka lero amawasungira chiwindi akapha nkhuku. Amayi sakudziwa kanthu.

Sabata yathayi uthenga unabwera kuti ng'ombe zapezeka. Sizinawoloke malire ayi. Anazigwira cha ku Katete zili m'lole, pamodzi ndi anthu amene palibe wa kuno anawaonapo. Kaputeni anali ataphedwa kale, koma Bantomu anam'bweza kuno, wowonda, akutsimphina. Anthu anatuluka kudzamuona akulowa m'khola. Alamu anu sanapite kukamulandira. Anakhala kuseri kwa nyumba tsiku lonse.

Chondipweteka china n'chakuti seweroli likuonetsedwabe, poti magawo ena anali atajambulidwa kale. Keziya anapita kusitolo osandiuza, akuti amafuna kuona amalume ake akuyenda. Anabwera akulira. Akuti Kamatope atatulukira anthu anakhala chete, kenaka Kamatopeyo anachita chinachake ndi jombo yake ija, ena n'kuseka, n'kudzigwira pakamwa. Tsopano pamjigo akuti Zakalia anali mneneri. Amene akunena zimenezo ndi akazi a amuna omwe anali ndi mipini. Mmodzi anandiuza kuti mlongo wanga anali ndi mzimu woona zam'tsogolo. Ndinamuyankha kuti analibe mzimu uliwonse, anali ndi maso ndi makutu ngati inu nomwe, ndipo ananena masana, m'Chichewa, mudzi wonse uli pompo.

Dzana tinali kumunda, tikusosa awiriwiri. Ndinalephera kupirira. Ndinaimika khasu n'kunena kuti, "Bambo a Keziya, ndinakuonani."

Sanafunse kuti unaona chiyani. Anati, "Ndimafuna kumenya wakubayo. Mlongo wako anaika mutu yekha."

"Wakuba wake uti? Ng'ombe ili m'khola. Ndipo anakuitanani, munamva, munaima."

Anandimenya khofi mpaka ndinagwera pamzere. Anandikhalira pachifuwa n'kundigwira pakhosi, ndipo ndinaona mdima dzuwa lili pamutu. Anati ndikatsegula pakamwa ana adzakula opanda bambo, ndipo amayi adzafa ndi mtima, ndipo wowapha ndidzakhala ine. Kenaka anandisiya, n'kukhala pansi, n'kuyamba kulira, akuti akatseka maso amaona matope oyera. Anandipempha kuti ndiwakhululukire. Ndinatola khasu langa n'kubwera kunyumba. Amayi atafunsa za pakhosi ndinati ndadzikanda ndi chitedze.

Sindikudziwa chimene chinali mumtima mwawo pamene mpini unkatsika. Mwina iwonso sakudziwa. Ndakhala nawo zaka zonsezi, sanali munthu wa ndewu, ndipo Zakalia ankamukonda. Koma ndikudziwa chimene ndinaona, ndipo anyamata ali m'chitolokosi akhoza kusenza mlandu umene si wawo wonse. Mphatso naye adzatuluka m'chipatala n'kupeza anthu akunena kuti palibe anaona kanthu. Mlongo wanga ananena zoona anthu akumuseka. Ine sindingakhale chete chifukwa choopa kuti andida.

Choncho ndili ndi zopempha. Mwendo ukangolola, bwerani. Musabwere ndi mkwiyo, musabwere ndi anzanu, musanyamule kanthu m'manja. Ndikukudziwani mtima wanu, ndipo banja lino silingathe kukumbanso manda ena. Mubwere mudzakhale pafupi ndi amayi pamene ndikuwauza, chifukwa ndekha sindingathe kuwayang'ana. Mukatero mudzandiperekeze pa Boma ndikanene zimene ndinaona. Mukachedwa ndidzapita ndekha mvula isanagwe, koma ndikadakonda mutakhalapo. Ndiponso mufunse akazi anu, alamu anga, kumeneko ngati angalole kuti Keziya ndi mng'ono wake adzakhale nanu kwa kanthawi. Sindikufuna kuti adzaone bambo awo akukwezedwa m'galimoto, kapena kuti adzamve zimene anthu adzanditchule ine. Mukaimba foni musanene kanthu za kalata ino. Mungofunsa za mbewu ya mtedza, ine ndidzadziwa kuti mwawerenga.

Amayi akupereka moni. Akuti musafulumire kuponda mwendowo, ndipo mukamabwera muwagulire mafuta opaka m'mawondo. Keziya akuti moni amalume, akhoza bwino masamu temu ino. Ndinapita ku Zingalume kukaona a Lefina, ndinawapeza atakhala pansi pa mtengo akusenda chinangwa cha eni. Ndinkaopa kuti andithamangitsa, koma anandiyalira chitenje chawo. Akuti ndikupatseni moni, ndiponso ndikuuzeni kuti mwana wawo akupuma lero chifukwa cha mwana wa amayi anu, ndipo akadzatha kuyenda adzabwera kudzasesa pamanda. Mundiperekere moni kwa alamu anga ndi ana onse, muwauze kuti azakhali awo amawakumbukira.

Alamu anu anandipeza ndikulemba pakhonde, n'kufunsa kuti ndikulembera yani. Ndinati ndikulembera inu. Anaima nthawi yaitali akuyang'ana pepalali, ndipo ndinayesa kuti alanda. Sanalande. Anangoti, "Uwapatse moni." Ndaulemba moniwo chifukwa anandituma. Kuulandira kapena kuukana zili ndi inu.

Mulungu akusungeni mpaka tidzaonane maso ndi maso.

Ndine mlongo wanu, amene mwatsala naye yekha,
Mailesi